Malire a ndalama za kampeni: amateteza wosauka kapena amatseka anthu pakamwa?

Pa 24 Malichi 2009, m'khothi lalikulu kwambiri la dziko la America mumzinda wa Washington, loya wa boma Malcolm Stewart adalandira funso lomwe lidasokoneza mlandu wake wonse. Mlanduwo udali wa filimu. Bungwe lotchedwa Citizens United lidapanga filimu ya mphindi 90 yonyoza Hillary Clinton, yemwe ankafuna kuti chipani cha Democratic chimuimike pampando wa pulezidenti m'chisankho cha 2008. Koma lamulo lomwe lidakhazikitsidwa mu 2002 linkaletsa makampani ndi mabungwe a anthu apantchito kulipira mauthenga a pawailesi ndi pakanema otchula dzina la wopikisana, kukatsala masiku 30 kuti chisankho chachipulula chichitike kapena masiku 60 kuti chisankho chachikulu chichitike. Citizens United idalembetsedwa ngati kampani yosafuna phindu, ndipo inkalandirako kangachepe kuchokera ku makampani ena. Filimuyo idakodwa mu lamuloli.

Woweruza Samuel Alito adafunsa kuti ngati boma lingaletse filimu, nanga buku? Stewart sadazembe. Adavomera kuti Nyumba ya Malamulo itafuna ikhoza kuletsa kampani kusindikiza ndi ndalama zake buku louza anthu kuti votereni uje kapena musavotere uje. M'dziko lomwe ufulu wolankhula amaunyadira kuposa ufulu wina uliwonse, boma lidali litavomera pagulu kuti likhoza kuletsa buku. Oweruza adalamula kuti mlanduwo umvedwenso mu Sepitembala chaka chomwecho, ndipo pa 21 Januwale 2010 oweruza 5 mwa 9 adagamula kuti makampani ndi mabungwe a apantchito akhoza kuthira ndalama zilizonse zomwe afuna pokopa ovota, bola asamagwirizane mwachindunji ndi wopikisanayo. Woweruza John Paul Stevens, yemwe adali ndi zaka 89, adalemba masamba pafupifupi 90 otsutsa anzakewo, n'kunena kuti kampani si nzika, siivota ndipo siiima pa chisankho.

Zaka zoposa 15 zapita, koma mkangano sunazime. Ena amati chigamulocho chidagulitsa demokalase kwa ampondamatiki. Ena amati chidapulumutsa ufulu wolankhula zakukhosi. Aliyense ali ndi mbali yake ya choonadi, n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta kuposa mmene okonda kusintha malamulo amaikambira.

Cheke cha m'thumba la mbava

Malire a ndalama za kampeni ku America adabadwa m'manyazi. Mu Juni 1972 anthu 5 adagwidwa atathyola ofesi ya chipani cha Democratic m'nyumba ya Watergate. Ofufuza atatsata ndalama adapeza kuti cheke cha madola 25,000, chomwe chidaperekedwa kuti chithandize kampeni ya Pulezidenti Richard Nixon, chidathera mu akaunti ya kubanki ya mmodzi mwa othyolawo. Kenako zina zidavumbuluka: makampani opereka ndalama mobisa, ndalama zoyenda m'zikwama, mkulu wina wa bizinesi ya inshuwalansi, W. Clement Stone, atapereka yekha madola oposa 2 miliyoni. Nixon adatula pansi udindo mu Ogasiti 1974, ndipo patangotha miyezi iwiri Gerald Ford adasainira lamulo lokhwima. Munthu asapereke madola oposa 1,000 kwa wopikisana mmodzi pa chisankho chimodzi. Wofuna mpando wa phungu asagwiritse ntchito madola oposa 70,000. Wofuna upulezidenti asapyole madola 10 miliyoni pa chipulula ndi 20 miliyoni pa chisankho chachikulu. Ngakhale munthu wamba wongofuna kulengeza maganizo ake payekha, asapitirire madola 1,000.

Omwe adakasuma kukhothi si omwe mungawaganizire. Kutsogolo kudali James Buckley, seneta wa ku New York yemwe adapambana mu 1970 poimira chipani chaching'ono cha Conservative. Pambali pake padali Eugene McCarthy, munthu wa mfundo zosiyana naye kutalitali. McCarthy ndi yemwe mu 1968 adalimba mtima kupikisana ndi pulezidenti wa chipani chake chomwe, Lyndon Johnson, potsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Chipani chidamutaya. Kampeni yake idayenda chifukwa olemera angapo odana ndi nkhondoyo, monga Stewart Mott, adamupatsa ndalama zambiri nthawi imodzi. Johnson atawona mmene McCarthy adachitira bwino ku New Hampshire, adalengeza kuti saimanso. Dandaulo la McCarthy lidali lomveka: lamulo la 1974 likadakhalapo mu 1968, mawu otsutsa nkhondo sakadafika patali.

Pa 30 Januwale 1976, pamlandu wa Buckley ndi Valeo, khothi lidadula lamulolo pakati. Malire a ndalama zomwe munthu angapatse wopikisana lidawasiya, ponena kuti mphatso yaikulu m'manja mwa wandale ikhoza kusanduka chiphuphu, kapena kuoneka ngati chiphuphu. Koma malire a ndalama zomwe wopikisana kapena munthu wamba angagwiritse ntchito pofalitsa uthenga lidawathetsa. Oweruza adati njira iliyonse yofikira anthu ambiri imalira ndalama, kuyambira kapepala kogawa pamsewu mpaka uthenga wa pakanema. Adapereka chitsanzo choti tsamba lathunthu la malonda mu nyuzipepala ina ya mumzinda waukulu linkagulidwa pafupifupi madola 7,000, kutanthauza kuti nzika yopatsidwa malire a madola 1,000 sikadatha kugula ngakhale tsamba limodzi. Adayerekeza ndi kuuza munthu kuti yenda kulikonse komwe ufuna pagalimoto yako, koma mafuta ndi thanki imodzi yokha. Adakananso maganizo oti boma lingachepetse mawu a ena n'cholinga choti mawu a ena amveke.

Pamfundo yoyambayo oweruzawo sadalakwe, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi poyera. Yemwe amati ndalama si mawu aganizire lamulo loti nyuzipepala ili ndi ufulu wolemba chilichonse, koma isagule mapepala ndi inki zoposa mtengo wakutiwakuti. Palibe mtolankhani angavomere kuti lamulo lotere silikukhudza ufulu wake. Malire a ndalama za kampeni ndi malire a kulankhula. Funso loyenera ndi lakuti kodi malirewo akugula chiyani, ndipo akulipira ndani.

Zomwe zidatsatira

Lamulo lodulidwa pakati lidabala chilombo chomwe palibe adachifuna. Ludzu la ndalama lidalibe malire, koma njira yozipezera idali yopapatiza: pang'onopang'ono, kwa anthu ambirimbiri. Wandale adasanduka wopemphetsa wa tsiku ndi tsiku. Mu 2013 kudatuluka chikalata cha chipani cha Democratic cholangiza aphungu ake atsopano kuti azipatula maola 4 tsiku lililonse kuimbira foni anthu opereka ndalama. Wolemera woima yekha ndiye adamasuka, pakuti m'thumba mwake sangadzihonge. Ross Perot adathira madola oposa 60 miliyoni akeake mu 1992 n'kupeza mavoti pafupifupi 19 pa 100 alionse.

Chigamulo cha 2010 chidatsegula khomo lina. Patatha miyezi iwiri, khothi la apilo ku Washington, pamlandu wa SpeechNow, lidati ngati ndalama zogwiritsidwa ntchito popanda kugwirizana ndi wopikisana sizibweretsa katangale, ndiye kuti magulu ochita zimenezi akhoza kulandira ndalama zopanda malire. Apa ndi pomwe padabadwira magulu otchedwa super PAC. Pamapepala ndi oima paokha. Kunena zoona, ambiri amayendetsedwa ndi anthu omwe dzulo lomweli adali alangizi a wopikisanayo. Chisankho cha 2020 chidadya madola oposa 14 biliyoni, kuphatikiza mipando ya pulezidenti ndi ya Nyumba ya Malamulo. Mu 2024 Elon Musk yekha adathira madola oposa 250 miliyoni pothandiza Donald Trump ndi anzake a chipani cha Republican, ndipo m'masabata omaliza gulu lake linkapereka cheke cha madola 1 miliyoni tsiku lililonse kwa mmodzi mwa ovota omwe adasainira chikalata chake. Mmalawi akamva zimenezi sangadabwe, koma kukula kwa chekecho.

Oteteza chigamulocho amakonda kunena kuti ndalama sizigula mavoti, ndipo umboni ali nawo. Hillary Clinton adagwiritsa ntchito ndalama zambiri kuposa Trump mu 2016 koma adagwa chagada. Michael Bloomberg adamwaza madola oposa 1 biliyoni pa chipulula cha 2020, ndipo komwe adapambana ndi ku American Samoa kokha. Mu Epulo 2025 Musk ndi magulu ake adathira madola oposa 20 miliyoni pa chisankho cha woweruza mmodzi wa khothi lalikulu la Wisconsin, koma munthu wawo adagonja kwa Susan Crawford. Zonsezi n'zoona, koma zikuyankha funso lomwe silidafunsidwe. Mphamvu ya ndalama siionekera kwenikweni pa tsiku lovota. Imaonekera chaka chimodzi m'mbuyo, pomwe mphunzitsi kapena namwino waluntha amawerengera mtengo wa mpikisano n'kuganiza zongokhala. Imaonekeranso chisankho chitatha, pomwe foni ya wopereka ndalama imayankhidwa msanga kuposa kalata ya wovota.

Mayi wa timapepala ta ku Halifax

Dziko la Britain lidatsata njira ina kalekale. Lamulo la 1883 lidaika malire a ndalama zomwe wopikisana angagwiritse ntchito m'dera lake, pofuna kuthana ndi chizolowezi chogula ovota ndi mowa ndi ndalama. Mu 2000 malire adafikanso ku zipani: mapaundi 30,000 pa dera lililonse lomwe chipani chaimikako munthu, ndipo mu 2023 adawakweza kufika mapaundi 54,010. Kugula nthawi pawailesi kapena pakanema kuti ufalitse uthenga wandale n'koletsedwa kotheratu. M'malo mwake zipani zimapatsidwa nthawi yaulere, ndipo wopikisana aliyense amaloledwa kutumiza kapepala kamodzi kwa ovota a m'dera lake kudzera ku positi popanda kulipira. Chisankho cha ku Britain n'chotchipa kwambiri poyerekeza ndi cha ku America, ndipo palibe anganene ndi mtima wonse kuti anthu a ku Britain salankhula zandale.

Komabe nkhani ya Phyllis Bowman imaonetsa komwe lamulo labwino limaluma. Mayiyu ankatsogolera bungwe lodana ndi kuchotsa pakati. Pa chisankho cha 1992 adakonza zogawa timapepala 25,000 m'dera la Halifax, tofotokoza maganizo a opikisana atatu pankhani yochotsa pakati. Lamulo la 1983 linkati munthu yemwe si wopikisana asagwiritse ntchito mapaundi oposa 5 pothandiza kuti wina apambane. Mapaundi 5 basi, ndalama yosakwana n'komwe kusindikiza timapepala tokwanira msewu umodzi. Adamuimba mlandu. Adamasulidwa chifukwa chisamani chidatuluka mochedwa, koma iye sadalekere pomwepo, adapita ku khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu. Mu Febuluwale 1998 khothilo lidagamula kuti cholinga cha lamulolo chidali chabwino, koma mapaundi 5 adali ngati kumutseka pakamwa kotheratu, pomwe nyuzipepala zikuluzikulu zinkachemerera chipani chilichonse chomwe zafuna popanda malire. Britain idakweza malirewo kufika mapaundi 500.

Mfundo ya nyuzipepalayi anthu amaidumpha. Mukaletsa wolemera kugula uthenga, akhoza kugula nyumba youlutsira mawu yonse. Malire amagwira mayi wa timapepala, mwini nyuzipepala osamukhudza. Ndipo chiletso cha mauthenga a ndale pakanema chidagwiranso kagulu koteteza nyama ka Animal Defenders International, komwe kadafuna kuulutsa uthenga wodandaula za kuzunzidwa kwa anyani. Mu 2013 khothi lomwe lija la ku Ulaya lidavomereza chiletsocho, koma ndi oweruza 9 kwa 8.

Canada idaima pakati. Mu 2004 khothi lake lalikulu lidavomereza malire a madola 150,000 a ku Canada m'dziko lonse, ndi 3,000 pa dera limodzi, kwa magulu omwe si zipani, ponena kuti wovota ali ndi ufulu womva mawu osiyanasiyana, osati a wolemera yekha. Wosuma pamlanduwo adali Stephen Harper, yemwe patatha zaka ziwiri adakhala nduna yaikulu ya dzikolo. France idaonetsa kuti malire akhoza kuluma ngakhale wamkulu: pulezidenti wakale Nicolas Sarkozy adapezeka wolakwa mu 2021 chifukwa kampeni yake ya 2012 idagwiritsa ntchito pafupifupi kawiri malire a mayuro 22.5 miliyoni, ndalama zina zitabisidwa m'malisiti abodza. Koma taonani nthawi: chisankho cha 2012, chigamulo 2021. Kenya ndiye idaonetsa mbali ina. Lamulo la ndalama za kampeni lidadutsa mu 2013, koma aphungu adaliimitsa chisankho cha 2017 chisadachitike, ndipo mu 2021 bungwe la zisankho litalengeza malire a mashilingi 4.4 biliyoni kwa wofuna upulezidenti, Nyumba ya Malamulo idawakana.

Amene amalemba malire ndi omwe ali kale m'mipando. Akawakana, n'chifukwa choti ndalama ali nazo. Akawavomera, muziyang'anitsitsa nambala, chifukwa phungu yemwe wakhala zaka 10 safunika kulipira kuti adziwike, pomwe mlendo amayamba ndi kuphunzitsa anthu dzina lake. Khothi la ku America lidanenapo zimenezi mu 2006 pothetsa malire otsika kwambiri a m'chigawo cha Vermont.

Kwathu kuno

Malawi alibe malire a ndalama zomwe chipani kapena wopikisana angagwiritse ntchito. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wolankhula, ndipo gawo 40 limati boma lizithandiza ndi ndalama chipani chomwe chapeza mavoti oposa limodzi mwa magawo 10 a dziko lonse. Lamulo la zipani zandale la 2018 lidabweretsa zinthu ziwiri zazikulu. Zipani ziziulula mphatso zoyambira K1 miliyoni kuchokera kwa munthu ndi K2 miliyoni kuchokera ku kampani kapena bungwe. Ndipo kugawa ndalama kapena katundu pokopa ovota n'kulakwa, chilango chake chikhoza kufika K10 miliyoni ndi zaka 5 m'ndende. Koma ofesi ya mlembi wa zipani, yomwe ndiyo iyenera kulondoloza zonsezi, idakhala yopanda mwini wake weniweni mpaka 2024, pomwe a Kizito Tenthani adasankhidwa. Zisankho za 2019 ndi 2020 zidadutsa lamulo lili m'kabati.

Kafukufuku yemwe Michael Wahman adachitira bungwe la Westminster Foundation for Democracy pa chisankho cha 2019 adapeza kuti wofuna uphungu ankagwiritsa ntchito pafupifupi K14.8 miliyoni, ndipo omwe adalidi pampikisano weniweni ankafika cha m'ma K27 miliyoni, kuposa malipiro a phungu a chaka chonse panthawiyo. Yemwe adaonapo kampeni ya kumudzi akudziwa komwe ndalamazi zimapita. Tsiku la msonkhano lole imanyamuka m'mamawa kukatenga amayi ovina. Zitenje ndi malaya a chipani zili m'mabelo kumbuyo kwa galimoto. Wa zimkuzamawu amafuna yake, wa jenereta amafuna mafuta. Mafumu sangangokhala pamipando yakutsogolo n'kubwerera chimanjamanja. Msonkhano ukatha, apampando a m'madera amatsalira pansi pa mtengo ndi kope la mayina, kugawa "ya thiransipoti" ngakhale kwa omwe abwera wapansi kuchokera kuseri kwa sukulu. Usiku foni imalira: kwagwa zovuta mudzi wakuti, bwana, bokosi ndi ufa. Pa tsiku lovota pali mamonitala pamalo aliwonse oponyera voti, ndipo monitala wanjala sakhala mpaka kuwerenga kuthe.

Apa mkangano wa ku America sutikwana bwinobwino. Kumeneko ndalama zambiri zimagula nthawi ya pakanema ndi mauthenga a pa intaneti, zomwe ndi kulankhula ndithu. Kwathu gawo lina ndi kulankhula: mafuta ofikira ku Chitipa ndi ku Nsanje, nthawi ya pawailesi, zikwangwani. Gawo lina si kulankhula ayi. Bokosi la maliro silifotokoza mfundo za chipani. Ndiye lamulo la 2018 lidalondola pomwe pali chilonda posiyanitsa uthenga ndi mphatso, ndipo palibe anganene kuti kuletsa kugawa ndalama ndi kuphwanya gawo 35. Chovuta n'chakuti lamulo lomwelo lidasiya zipata: zipangizo za kampeni, kubweza ndalama zoyendera, chakudya ndi zisangalalo za pamsonkhano, ngakhalenso chopereka cha kumpingo chosalengezedwa, zonsezi siziwerengedwa ngati mphatso zokopera. Wochenjera aliyense amadziwa kuti envelopu ikalembedwa kuti thiransipoti, yayera.

Mabungwe ena omwe si aboma akhala akupempha kuti tiike malire ngati a ku Britain, ndipo cholinga chawo n'chomveka, makamaka kwa amayi ndi achinyamata omwe mtengo wa mpikisano umawabweza pakhomo. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, kungopereka zikalata zoimira upulezidenti kudali K10 miliyoni, kuchoka pa K2 miliyoni mu 2019. Koma malire oikidwa lero, zinthu zili chonchi, ndikuona kuti angamange manja otsutsa okha. Chipani chilichonse chomwe chalamulapo kuyambira 1994 chadzudzulidwapo pankhani yogwiritsa ntchito galimoto za boma, misonkhano yotchedwa yachitukuko, ndi wailesi ya MBC, ndipo odzudzulawo akalowa m'boma amaiwala msanga. Mdipiti wa pulezidenti ukaima pamalo ochitira malonda kuti ayendere ntchito ya msewu, anthu ovala makaka a chipani atadzaza, ndalama imeneyo ilembedwa m'buku la ndani? Chimanga cha boma chikagawidwa mwezi wa kampeni, nduna itaima pambali? Ku Britain malire amagwira ntchito chifukwa pansi pake pali zina: nthawi yaulere pawailesi yogawidwa mwachilungamo, mabuku a zipani owunikidwa, ndi bungwe lomwe limalipiritsadi chindapusa, monga lidachitira ndi gulu lina la kampeni lotchedwa Vote Leave mu 2018. Kutenga denga lokha n'kusiya zonsezi ndi kupereka chikwapu kwa yemwe ali m'boma. Palinso kwacha: nambala yolembedwa m'lamulo lero ikhoza kusanduka mapaundi 5 a mayi Bowman pakatha zaka zochepa, monga K1 miliyoni ya mu 2018 ilili lero.

Chomwe chingayambe ndi kuulula. Ngakhale pamlandu wa Citizens United, oweruza 8 mwa 9 adagwirizana kuti anthu ali ndi ufulu wodziwa yemwe walipira uthenga. Nakonso kuli ndi minga yake. Mu 1958 khothi la ku America lidaletsa chigawo cha Alabama kukakamiza bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP kupereka mayina a mamembala ake, podziwa zomwe zikadawachitikira. Wamalonda wa ku Limbe kapena ku Kanengo yemwe amadalira makontirakiti a boma ali ndi mantha ofanana: dzina lake likaoneka pamndandanda wa othandiza otsutsa, tenda yotsatira aiwale. N'chifukwa chake ambiri amapereka mbali zonse, usiku, popanda lisiti. Njira yake si kubisa onse, koma kusiya opereka zochepa pamtendere n'kuunika akuluakulu, monga South Africa idayambira kuchita mu Epulo 2021, pomwe lamulo loti bungwe lake la zisankho lizisindikiza mayina a opereka ndalama zambiri miyezi itatu iliyonse lidayamba kugwira ntchito.

Mlembi wa zipani tsopano alipo, ndipo lamulo limamupatsa mphamvu yofuna mabuku. Mndandanda wa omwe adalipira malole, zitenje ndi zikwangwani za 2025, chipani ndi chipani, ukadzaikidwa poti mtolankhani wa wailesi ya m'dera ku Mzimba akhoza kuuwerenga n'kuufananiza ndi mndandanda wa omwe apatsidwa makontirakiti, tidzakhala ndi manambala enieni oyambira pokambirana za malire a chisankho cha 2030.